Kuchoka pa Nkhokwe ya Nsungwi Kufika pa Mikisa ya Konkire

Alimi anzanga, pamene kopaletivi yathu yakwanitsa zaka 10, tiyeni tikumbukire chinthu chimene timachiponda tsiku lililonse koma sitichiganizira: pansi pa nyumba yosungiramo mbewu.

Makolo athu kuno ku Dedza ankasunga chimanga m'nkhokwe zoluka ndi nsungwi, zokhazika pa miyala kuti chinyontho ndi chiswe zisafike. Pansi pa nyumba amayi ankazira ndi dothi. Nzeru imeneyi inasunga mabanja kwa mibadwo yambiri. Zinthu zinasintha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 pamene nankafumbwe wamkulu, uja amaboola ndi mitengo yomwe, analowa m'dziko muno kuchokera ku Tanzania. Kuonjezera apo, umbava unachuluka. Anthu anayamba kutonola chimanga, kuthira mankhwala ndi kusunga m'matumba. Koma thumba silifuna pansi ponyowa. Apa m'pamene simenti inasanduka nkhani ya mlimi.

Simenti imene timagulayi inachokera kutali. Mu 1824 mmisiri wina womanga wa ku Leeds ku England, Joseph Aspdin, analembetsa njira yootcha miyala ya laimu pamodzi ndi dongo, n'kupera kukhala ufa. Kuno kwathu miyala yopangira simenti inayamba kukumbidwa ku Changalume ku Zomba chakumapeto kwa ulamuliro wa atsamunda, n'kumakaperedwa ku Blantyre. Pambuyo pake panabwera Shayona ku Kasungu ndi fakitale ya ku Njereza ku Mangochi.

Poyamba konkire ankasakaniza ndi fosholo basi. Makina osakanizira anafala ku Ulaya ndi ku America cha m'ma 1900, ndipo mu 1916 Stephen Stepanian wa ku Ohio anapanga pulani ya galimoto yosakaniza konkire ili pa ulendo. Zidzukulu zake ndi zimagalimoto za chimgolo chozungulira zimene mumaziona mukapita ku Lilongwe. Chimgolocho chimazungulira njira yonse kuti miyala isakhale pansi payokha konkire asanafike pomanga. Ntchito za konkire zikuluzikulu, monga nkhokwe za chimanga za ku Kanengo, sizikanatheka ndi fosholo ndi ndowa.

Nanga ife? Galimoto yotereyi siingabwere kumidzi ya ku Bembeke, Mayani kapena Lobi. Konkire akathiridwa madzi safuna kudutsa ola limodzi ndi theka asanathiridwe pamalo pake, ndipo misewu yathu ya m'mapiri mukuidziwa nokha. Zathu ndi mikisa yaing'ono ya injini, yokoka ndi galimoto, ndi wilibala. Banja limodzi kubwereka mikisa n'kovuta, koma gulu limatha. Paja mutu umodzi susenza denga.

Ubwino wa mikisa si liwiro lokha ayi. Posakaniza ndi manja, anyamata aganyu akatopa amaonjezera madzi kuti fosholo ipepuke. Madzi ochuluka ndiwo amafoola konkire. Pakapita chaka pansi pamang'aluka, makoswe amapeza njira, chinyontho chimakwera, ndipo nyemba ndi soya zimachita chuku. Wogula akatsegula thumba amatsitsa mtengo, mwinanso kukana katundu yense. Yotayika pamenepo ndi ndalama ya masheya anu.

Tsono pamene tikulowa zaka 10 zina, membala aliyense adziwe izi, asangosiyira komiti ndi mmisiri. Mulingo wodziwika wa konkire wa pansi ndi ndowa imodzi ya simenti, ziwiri za mchenga ndi zinayi za miyala ya kwale. Mchenga ukhale wa kumtsinje, wopanda dothi. Asanathire, ayale pepala la pulasitiki kuti chinyontho chisakwere. Akamaliza, azithirira madzi kwa masiku 7, ndipo mphamvu yake yeniyeni imafika pa masiku 28. Kuno kumapiri, m'miyezi ya Juni ndi Julayi konkire amachedwa kugwira chifukwa cha kuzizira, pomwe mphepo imaumitsa pamwamba msanga. Muphimbeni ndi udzu kapena masaka onyowa. Ndipo ngakhale pansi pakhale pabwino chotani, matumba asanjikidwe pa mathabwa, osagunda khoma.

Tsiku lothira konkire, pakhale mamembala awiri kapena atatu owerenga matumba a simenti amene akulowa mu mikisa. Si kukayikira munthu ayi. Nyumbayo ndi yathu tonse, ndipo idzasunga zokolola za ana athu.