Kuchokera pa Lole ya Ulere Kufika pa Kompyuta ya ku Swanwick

Tiyi wa ku Chipinge sakwera ndege. Amachoka m'maesiteti a Tanganda monga Ratelshoek ndi Jersey pa malole, ndipo wa ku Honde Valley nayenso amayenda pa malole pa msewu wake wolowera ku Mutare. Okwera ndege ndi ana a anthu othyola tiyiyo. Ena mwa iwo ndi zidzukulu za machona, anthu amene m'komboni amalankhula Chishona kapena Chindau koma kumaliro amayimba nyimbo za Chinyanja. Lero ali ku Leeds, Luton ndi Birmingham, kumene akusamalira okalamba, makamaka chiyambire 2022 pamene Britain inatsegula khomo la ntchito imeneyi kwa alendo.

Agogo awo anabwera wapansi. Tiyi anabzalidwa koyamba ku Chipinge mu 1924 pa munda wa New Year's Gift, ndipo ku Honde minda ikuluikulu monga Aberfoyle inatsegulidwa m'zaka za m'ma 1950. Manja othyola ankasowa, choncho amuna a ku Nyasaland ndi Mozambique ankadzaza makomboni. Ankadutsira ku Tete, kuwoloka Zambezi, ena kukwera malole a Ulere amene boma la Southern Rhodesia linakonza, ena kulembedwa ndi Mthandizi, bungwe lolemba antchito lomwe linayamba mu 1946. Ulendo unkachedwa masabata, koma chochedwetsa chinkaoneka ndi maso: mtsinje wodzaza, malungo, kapena chitupa chotayika.

Chaka chomwecho cha 1946 kunabadwa Central African Airways, yolumikiza Salisbury, Lusaka ndi Blantyre. Wothyola tiyi sankalota n'komwe zokwera mmenemo. Amalawi wamba oyamba kuuluka mwaunyinji anali a Wenela, amene ankanyamulidwa kuchokera ku Chileka kupita ku Francistown pa ulendo wa ku migodi ya ku Joni. Pa 4 Epulo 1974 ndege yawo ina inagwa itangonyamuka ku Francistown, anthu 78 n'kufa, ambiri mwa iwo Amalawi obwerera kwawo. Inathiridwa mafuta osakanikirana ndi a mtundu wina. Kamuzu Banda analetsa Wenela kulemba anthu, ndipo mabanja ambiri anaphunzira mowawa kuti chopha anthu mumlengalenga nthawi zambiri chimayambira pansi.

Ntchito yolondolera ndege inakulanso ndi maliro otere. Nsanja yoyamba inamangidwa pa bwalo la Croydon ku London mu 1920, kanyumba kamatabwa kokhala ndi mawindo mbali zonse. Pa 30 Juni 1956 ndege ziwiri zinawombana pamwamba pa Grand Canyon ku America, anthu 128 n'kutha onse, ndipo patatha zaka ziwiri dzikolo linakhazikitsa bungwe limene lero ndi FAA. Radar inafalikira, kenako makompyuta analowa kuti azilandira ndondomeko ya ulendo wa ndege iliyonse: kumene ikuchokera, malo amene idutse, kutalika kwake kuchokera pansi, ndi nthawi. Chifukwa cha makinawa, thambo limodzi limanyamula ndege zochuluka kuposa zimene anthu akanatha kuzisunga pa timapepala. Koma makinawo akaima, ndege zonsezo zimagwera m'manja mwa anthu ochepa omwewo.

Izi n'zimene zinachitika Lolemba pa 28 Ogasiti 2023, tsiku la tchuthi ku England, pamene mabanja ankabwerera kokapuma. Cha m'ma 8:30 m'mawa, kompyuta ya NATS, bungwe lolondolera ndege ku Britain, ku Swanwick inalandira ndondomeko ya ndege yochokera ku Los Angeles kupita ku Paris. M'ndondomekomo munali malo awiri a dzina limodzi, DVL: Devils Lake ku North Dakota, ndi Deauville ku France, otalikirana makilomita masauzande. Zinali ngati kalata yongolembedwa kuti "a Phiri" pamudzi wa a Phiri awiri. Kompyuta inalephera kumvetsa kuti ndegeyo itulukira pati mu thambo la Britain, ndipo m'malo mopatsa olondolera uthenga wokayikitsa, inadzizimitsa. Kompyuta yachiwiri, yosungidwira tsiku ngati limeneli, inalandira ndondomeko yomweyo, n'kuganiza chimodzimodzi, n'kuzima nayonso. Zonsezi zinatenga masekondi osakwana 20.

Makina amene ankasanthula ndondomeko pafupifupi 800 pa ola analowedwa m'malo ndi zala za anthu, zokwanitsa pafupifupi 60. Injiniya woyenera kuthandiza anali kunyumba. Atalephera kulowa mu makinawo ali komweko, anatenga ola limodzi ndi theka kufika ku Swanwick. Ofufuza otsogoleredwa ndi Jeff Halliwell anapeza kuti anthu oposa 700,000 anakhudzidwa, ndipo makampani a ndege anataya ndalama zofika pafupifupi mapaundi 65 miliyoni. Makina anadzuka masana a tsiku lomwelo, koma chipwirikiti chinatha masiku, chifukwa ndege ndi oyendetsa ake anali atabalalika m'mabwalo olakwika.

Palibe anafa, ndipo izi siziyenera kuchepetsedwa. Kompyuta imene imaima ikakayika n'njabwino kuposa yongolota. Chokhumudwitsa n'chakuti ndondomeko imodzi sinathe kuikidwa padera kuti zinazo zipitirire, ndiponso kuti pa tsiku lotanganidwa chotero katswiri sanali pamalo a ntchito.

Kwa wopita ku Paris, kuchedwa koteroko ndi usiku umodzi wotayika. Kwa mwana wa ku Honde ndi nkhani ina. British Airways inasiya kupita ku Harare mu 2007, ndipo Air Zimbabwe inasiya ulendo wa ku London kumapeto kwa 2011, choncho wochokera ku Britain amadutsira ku Johannesburg, Addis Ababa, Nairobi, Doha kapena Dubai. Ndege yoyamba ikachedwa maola atatu, yachiwiri yapita. Akatera ku Harare pamatsala makilomita oposa 260 kufika ku Mutare, kenako kombi yokhotakhota kutsikira ku Hauna. Wa ku Chipinge amayenda makilomita oposa 400. Ndipo ulendo wadzidzidzi wa munthu wosamalira okalamba nthawi zambiri umakhala wa maliro. Kusiwa anthu amakhala akudikira, azimayi akuvundula nsima ya khamu m'mawa ndi madzulo, thumba la ufa likuphwa, amalume akuyang'ana foni kuti amve ngati mwana wanyamuka. Malamulo a ku Britain amakakamiza kampani ya ndege kupereka chakudya, pogona ndi ulendo wina, koma chipukuta misozi sichiperekedwa ngati vuto lachokera kwa olondolera ndege. Amene anagula matikiti awiri osiyana pofuna kupulumutsa ndalama amatsala yekha ndi tikiti yachiwiriyo.

Vuto silili kutali kokha. Mu Julayi 2024, ATNS, bungwe lolondolera ndege ku South Africa, linaimitsa njira zoposa 300 zimene oyendetsa ndege amatsata akamatera modalira zipangizo, chifukwa nthawi yoziunikanso inali itadutsa. Apa makina sanazime. Ntchito ya muofesi ndi imene inatsalira. Mabwalo monga George, Kimberley, Mthatha ndi Polokwane ankalandira ndege bwinobwino kunja kukayera, koma kukachita chifunga ndege zinkabwerera kapena osanyamuka n'komwe. Airlink, imene imaulukanso kupita ku Harare, inadandaula poyera, ndipo nduna ya zamtengatenga Barbara Creecy inasankha akatswiri oti afufuze. Aliyense wokhala m'munsi mwa phiri la Nyangani, la mamita 2,592, amadziwa mmene nkhungu imatsekera chigwa m'kanthawi kochepa, ndipo a ku Chipinge ndi Chimanimani sanaiwale Malichi 2019, pamene namondwe wa Idai anagumula milatho, ma helikopita n'kulephera kufika msanga chifukwa cha mitambo.

Ku Britain, lipoti lomaliza la Halliwell linatuluka mu Novembala 2024, ndipo mwa zina linati NATS iganizire zoika mainjiniya pamalo a ntchito m'nyengo zotanganidwa. Pa 30 Julayi 2025 ku Swanwick kunabukanso vuto, ulendo uno la radar. Linakonzedwa m'mphindi pafupifupi 20, koma ndege zoposa 150 zinalephereka tsiku limenelo.