Chiperoni ndi Moto wa Agogo

Mwezi wa June ukafika kuno ku Thyolo, dzuwa limatha masiku atatu osaoneka. Nkhungu ndi mvula yamawawa zimadza ndi mphepo yochokera mbali ya phiri la Chiperone ku Mozambique, komwe kudachokera dzina loti chiperoni. Tiyi amakondwa nayo nyengoyi, koma munthu umangokhala ndwii.

Tili ana, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, mankhwala a nyengoyi adali moto. Kukolola kutatha, agogo ankakwirira mbatata m'phulusa n'kuyamba nthano, ife tikuvomera kuti tili tonse. Masana nthano zidali zoletsedwa. Wayilesi ya MBC, imene idayamba mu 1964, tidali nayo, koma mabatire ankasungira nkhani ndi mauthenga a maliro. Kanema wa dziko lino atatsegulidwa mu 1999, mipando ya m'nyumba zambiri idafulatira moto pang'onopang'ono. Lero ana anga atatu amafunda bulangete, aliyense maso ali pa foni.

Ku ofesi ya boma ndimaweruka chisisira chitagwa kale. Chaka chatha ndidazindikira kuti mwa nthano zonse za agogo ndikukumbukira zisanu zokha, ndipo nyimbo za ziwiri zidandithawa. Ndidagula kope. Tsopano magetsi akathima timazungulira mbaula, zenera titatsegula pang'ono poopa utsi wa makala. Ine ndimasimba, mwana wamkulu amalemba. Nyimbo ziwirizo ndikazifunsa kwa azakhali ku Luchenza chiperoni chino chisanathe, pakuti amene adazimva kwa agogo atsala okhawo.