Banga la jivi ndi madobi a mu Lusaka

Lusaka atakhala likulu la Northern Rhodesia mu 1935, mzinda unagawidwa poyera. Azungu anatenga mbali imene lero kuli Woodlands ndi Kabulonga, anthu akuda anakankhidwira m'makomboni. Ku Kabwata boma linamangira amuna obwera kudzagwira ntchito tinyumba tozungulira tofolera udzu. 43 mwa tinyumbato tinapulumuka pogumula m'ma 1970, ndipo lero ndi Kabwata Cultural Village.

M'nyumba za azungu, kuchapa inali ntchito ya amuna. Karen Tranberg Hansen, m'buku lake la 1989 lotchedwa Distant Companions, anafotokoza momwe ntchito za m'nyumba zinakhalira m'manja mwa abambo nthawi ya atsamunda. Ambiri ankachokera kum'mawa, ku Fort Jameson komwe tsopano ndi Chipata, ena ku Nyasaland. Dobi, mwamuna wochapayo, ankapatsidwa diresi la silika la adona, mtengo wake woposa malipiro ake a mwezi, ndipo likaonongeka ntchito yathera pomwepo.

Dothi la Lusaka silinkamuopsa. Chomuzunguza mutu chinali kabotolo ka mankhwala. Jivi, uja wopaka pabala ndi pa zilonda za m'kamwa mwa khanda, kwenikweni ndi utoto: anayamba kupangidwa ku Ulaya m'ma 1800 kuti azinyikira nsalu, madokotala n'kudzazindikira pambuyo pake kuti amapha tizilombo. N'chifukwa chake silika ndi ubweya zimamumwa msangamsanga. Sopo wamtanda sachitapo kanthu. Chimene chimamusungunula ndi spiriti, ndipo pamafunika kuleza mtima: kuyala kansanza koyera pansi, kudonthezera pang'onopang'ono, kuyambira m'mphepete mwa banga kulowera pakati, osatikita, kenako kutsukuluza m'madzi ozizira. Ayodini amagonja ndi haipo, mankhwala otsukira zithunzi. Mankhwala oonjezera magazi, okhala ndi ayironi, amasiya banga ngati la dzimbiri, ndipo limeneli limafuna mandimu ndi mchere.

Panalinso msampha wa simbi. Chovala chilichonse choyanikidwa panja chinkayenera kusitidwa, chifukwa pali ntchentche yoikira mazira pa nsalu yonyowa, mphutsi zake n'kulowa pakhungu la munthu. Koma kutentha kwa simbi yamakala kumakhazikitsa banga mpaka kalekale. Dobi wodziwa ntchito ankayamba wayang'ana chovala padzuwa asanaikepo simbi. Limeneli linali luso lenileni, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti eni ake ankangoitanidwa ngati anyamata, ngakhale a imvi kumutu.

Ufulu utabwera mu 1964, m'nyumba za ku Kabulonga ndi Woodlands munayamba kulowa eni dziko, ndipo pang'onopang'ono amayi anachuluka pantchito za m'nyumba. Salaula, zovala zovalidwa kale zochokera kunja, atasefukira m'misika kuyambira m'ma 1980, nsalu zosalimba zija zinafika kwa aliyense: namwino wa ku Chelstone, mphunzitsi wa ku Kabwata. Kampani ya Trade Kings, yomwe inayamba mu Lusaka mu 1995, inadzaza mabafa ndi sopo wa Boom, ndipo mankhwala oyeretsera zovala a Jik ali m'kantemba kalikonse.

Vuto la lero lagona pa Jik ameneyu. Pa thonje loyera amathandiza, koma silika ndi ubweya amazidya, banga n'kuchoka pamodzi ndi nsalu yomwe. Spiriti nayenso amasulutsa nsalu zina za salaula, choncho wochapa wosamala amayamba wayesa dontho limodzi mkati mwa mpendero, pamene diso silifika.