Lion Man asanabwele Black Panther

Ambili a ife m'makomboni tinadziŵa Black Panther mu 2018, pamene Chadwick Boseman anavala covala cakuda cija n'kukhala T'Challa, mfumu ya Wakanda. Koma ine nikafufuza mbili ya ngwazi zakuda za m'makomiki, nimayambila kwa munthu wina amene dzina lake silimveka kaŵilikaŵili: Orrin C. Evans.

Evans anali mtolankhani wakuda wa ku Philadelphia, ku America. M'masiku ake, munthu wakuda akaonekela m'komiki anali coseketsa cabe: milomo ikuluikulu, maso otuzuka, wamantha, wonyamulila mzungu katundu. Ebony White wa mu The Spirit, amene anayamba mu 1940, anali kujambulidwa conco. Evans zinam'nyansa. Mu 1947 anasonkhanitsa olemba ndi ojambula akuda okhaokha, natulutsa All-Negro Comics. Mmenemo munali Lion Man, mnyamata wophunzila amene anatumidwa ku Africa kukalonda phili la uranium kuti lisagwe m'manja mwa anthu oipa. Mwaiona nkhaniyo? Cuma ca pansi pa nthaka ya Africa, alendo ocilakalaka, ndi mlonda wakuda. Wakanda ndi vibranium yake anali asanabadwe.

Bukulo linatuluka kamodzi cabe. Laciŵili linakonzedwa, koma ogulitsa mapepala osindikizilapo anakana kum'gulitsa Evans. Ngwazi imeneyi sinagonje kwa mdani wa m'nkhani, inasoŵa pepala.

Black Panther anabwela mu July 1966, mu Fantastic Four nambala 52. Anam'panga ndi Stan Lee ndi Jack Kirby, onse azungu. Mu October caka comweco, Huey Newton ndi Bobby Seale anayambitsa Black Panther Party ku Oakland, ndipo mu 1972 Marvel inasinthako dzina la ngwaziyo kukhala Black Leopard, kuopa kuti anthu angaigwilizanitse ndi cipanico. Dzinalo silinakhalitse. Luke Cage anabwela mu 1972, Storm mu 1975. Koma colembela cinali cikali m'manja mwa ena. N'cifukwa cake mu 1993 Dwayne McDuffie, Denys Cowan, Michael Davis ndi Derek Dingle anatsegula Milestone, kampani yawoyawo, kumene kunacokela Static. Ndipo a Dora Milaje amene timawakonda aja anayamba mu 1998, pamene Christopher Priest, wolemba wakuda, anatenga nkhani ya T'Challa.

Filimu ya Ryan Coogler inapanga ndalama zoposa madola 1.3 biliyoni, nigwetsa bodza lakuti nkhope zakuda sizigulitsa matikiti. Ise kuno tinalowamo mu 2022, pamene nyimbo ya Sampa the Great, Never Forget, inamveka m'kanema wolengeza Wakanda Forever. Mu 2023 Netflix inatulutsa Supa Team 4 ya Malenga Mulendema: atsikana anayi a sukulu oteteza Lusaka wa mtsogolo.

Conco iwe amene umajambula kumbuyo kwa buku la masamu, usang'ambe tsambalo. Evans anam'mana pepala. Iwe uli nalo, ndipo foni ili m'thumba.