Kasambidwe ka M'mutu Koteteza Tsitsi Kuti Lisaduke

Tsitsi la anthu akuda ndi lopotanapotana, ndipo limaduka msanga pamalo pamene lapindika. Mafuta acibadwa ocokera pakhungu la m'mutu safika kunsonga mosavuta, motero tsitsili limauma, makamaka m'nyengo ya fumbi ndi dzuwa kuyambira Ogasiti kufikira Okutobala.

M'midzi ya m'maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi si zacilendo kusamba m'mutu ndi sopo wocapira zovala. Sopoyu ndi waukali. Pa muyeso wa pH amafika pa 9 kapena kuposerapo, pamene khungu la m'mutu lili pafupifupi pa 5.5. Iye amacotsa mafuta onse, n'kusiya tsitsi louma ngati udzu.

Cofunika kusambitsa kwenikweni ndi khungu. Tsitsi ligawidwe m'zigawo zinayi, linyowetsedwe ndi madzi ofunda pang'ono, ndipo khungu litikitidwe ndi nsonga za zala, osati zikhadabo, pogwiritsa nchito shampu wofatsa. Kusamba kamodzi pa sabata imodzi kapena ziwiri n'kokwanira. Popesa, kuyambire kunsonga ndi cipeso ca mano otalikirana tsitsi likali lonyowa, kenaka lidzoledwe mafuta ocepa.

Kumene shampu kulibe, masamba a thelele la katate angathandize. Akafikisidwa m'madzi amatulutsa madzi oterera amene amatsuka ndi kumasula tsitsi lopiringizana, monga ankacitira makolo.

Koma ngati tsitsi la mwana likuthothoka m'zigamba zozungulira zoyabwa, cingakhale cipere. Matendawa satha ndi kusamba. Amafuna mankhwala akumwa. Mwanayo apite naye kukiliniki yapafupi kapena kucipatala ca St Francis ku Katete.