Nyimbo za Mbendera ndi Nyimbo za Kupukwa

Kumwera kwa mzinda wa Alberton, m'dera la East Rand limene lero lichedwa Ekurhuleni, kuli malo a mafakitale ochedwa Alrode. Pafupi pomwepo pali Thokoza ndi Katlehong, malokeshoni amene anamangidwira anthu akuda ogwira nchito kwa Azungu. Amuna a ku Nyasaland ndi a ku Rhodesia analidziwa dera limeneli mafakitale asanacuruke, pakuti migodi ya golide ya ku Germiston, Boksburg, Benoni ndi Springs inali kuwaitana, ena pa ulendo wa Wenela, ena pa selefu. Amene anabwerera kwao anasenza zobvala, njinga ndi makina osokera, ndipo ambiri sanaiwale galamafoni ndi mbale zace. Imeneyi ndi imodzi mwa njira zimene nyimbo za ku America zochedwa country zinalowera m'maiko amene tsopano ali Malawi, Zambia ndi Zimbabwe. Nyimbozi ziri ndi mau awiri, ena okweza mbendera, ena odandaula mofatsa. Koma amene anamera mizu kuno ndi ofatsawo.

Mbiri yace iyambira m'caka ca 1927, pamene Ralph Peer anajambula mau a Jimmie Rodgers ndi a banja la Carter mu mzinda wa Bristol, ku Tennessee. Rodgers anali munthu wa panjanji, wodwala cifuwa cacikuru, ndipo anamwalira mu 1933 akali mwana. Anayimba za sitima, za ndende, za munthu woyendayenda wopanda pogona, ndi za wokondedwa wotsala kutali. Munthu wa m'komboni sanasowe Cingerezi kuti amve zimenezi, pakuti iyenso anadza pa sitima, nasiya mkazi ndi ana ku mudzi.

Mau ena aja amadzuka pa nthawi ya nkhondo. Mu 1942, nkhondo yaikuru yaciwiri iri mkati, Elton Britt anayimba nyimbo yotamanda mbendera ya America, ndipo mbale zace zinagulidwa zoposa miliyoni imodzi. Mu 1969, pa nkhondo ya ku Vietnam, Merle Haggard anaturutsa Okie from Muskogee, yodzudzula anyamata amene anali kukana kupita ku nkhondo. Lee Greenwood anatsatira mu 1984 ndi God Bless the USA. Ndipo zigawenga zitagwetsa nyumba zazitali za ku New York pa 11 September 2001, Toby Keith anayankha caka cotsatira ndi nyimbo yaukali yolonjeza kubwezera. Komatu mau awiriwa kawirikawiri aturuka pa khosi limodzi. Haggard yemweyo, amene anakhalapo m'ndende, anayimba mu 1968 za mwana wosamvera amene analiza amace. Ndipo tsoka la 2001 lomwelo Alan Jackson analiyimba mofatsa, ngati munthu wopepesa pa maliro.

Mwa oyimba ofatsa palibe amene anaposa Jim Reeves pa kukondedwa mu Africa. Iye ndi Chet Atkins, amene anali kuyang'anira kajambulidwe ka nyimbo ku Nashville, anacepetsa phokoso la zoyimbira, nasiya mau akuya oyenda pang'onopang'ono, monga munthu wolankhula ndi mnzace usiku. Mu 1962 Reeves anadza ku South Africa. Mu 1963 anasewera mu baisikopo ya Kimberley Jim, ndipo anayimbanso nyimbo zina m'cinenero ca Afrikaans. Linali dziko la tsankho, lolekanitsa anthu pa mabenci, m'sitima ndi m'nyumba zamasewero. Koma mbale ya galamafoni sinafunsidwe pasi. Inalowa m'nyumba ya Mzungu, nilowanso m'lokeshoni. Pamene Reeves anafa pa ngozi ya ndege pafupi ndi Nashville pa 31 July 1964, nyimbo zace zacikondi ndi za Mulungu zinali zitakhazikika kale, ndipo zinamvekabe pa wailesi zaka zambirimbiri.

Anthu a kuno sanangomvera cabe, koma anaphunzira. Wailesi ya ku Lusaka, yochedwa Central African Broadcasting Station, inali kuulutsa mau ku maiko onse atatu. Ndipo kuyambira mu 1949 kunadza kawailesi kochipa ka mabatire, kokhala ngati poto, kochedwa Saucepan Special. Pa wailesi imeneyi anachuka Alick Nkhata, amene anayamba wagwira nchito ndi Hugh Tracey yojambula nyimbo za m'midzi. Nkhata anatenga kayimbidwe ka gitala ka ku America, nakaveka mau a Cibemba ndi Cinyanja, nayimba za moyo wa m'tauni ndi za makhalidwe a anthu. Ku Bulawayo George Sibanda anacita cimodzimodzi m'Cindebele, kotero kuti nyimbo yace Guabi Guabi inaoloka nyanja niyimbidwa ndi oyimba a ku America komweko. Ku Nyasaland Ndiche Mwarare anachuka ndi gitala wa hauyani, woseseretsa botolo pa nsambo, kulira kwace kofanana ndi kwa gitala wa ku Hawaii amene oyimba country anamkonda.

Mau a mbendera nawonso anafika, koma anafika ndi nkhondo. Ian Smith atalengeza ufulu wa Azungu a ku Rhodesia mu 1965, ndipo nkhondo ya m'thengo itakula, kunabuka oyimba olimbitsa mtima asilikari a boma lace ndi magitala omwewo. Clem Tholet, mkamwini wa Smith, anapeka Rhodesians Never Die mu 1973, ndipo John Edmond, wobadwira ku Luanshya, anachuka ndi nyimbo za asilikari. Nyimbo zimenezi zinali ndi malire ace: wina zinamtonthoza, wina zinamuopseza. Mu 1978 asilikari a Rhodesia anaukira misasa ya omenyera ufulu m'dziko la Zambia, ndipo Alick Nkhata anaphedwa pa munda wace pafupi ndi Mkushi. Munthu amene anaphunzitsa maiko atatu kufatsa kwa gitala anafa pa dzanja la nkhondo imene gitala yemweyo anali kuitamanda kutsidya kwa Zambezi.

Mu 1980 Rhodesia anatha, nadza Zimbabwe, ndipo nyimbo zimene zinalumbira kuti dzikolo silidzafa zinatsala m'manja mwa owerengeka amene analikumbuka. Koma pamene Don Williams, woyimba wa mau ofatsa wa ku Texas, anadza ku Harare mu 1997, anapeza khamu la anthu akuda ndi oyera odziwa nyimbo zace pamtima.

Cifukwa cace sicibvuta kuciona. Nyimbo ya mbendera iri ndi nchito yace, pakuti mtundu uli wonse ufuna mau oukumbutsa kuti ndi umodzi; koma ndi ya eni mbendera okha, ndipo mlendo aimvera ali ciimire kunja kwa mpanda. Nyimbo ya kupukwa sifunsa mtundu wa munthu. Amene anatsikira m'mgodi ku Boksburg, ndi mdzukulu wace amene afuna nchito pa zipata za mafakitale, onse adziwa mau a akuru akuti kwanu nkwanu, m'thengo mudalaka njoka. Woyimba amene akhudza bala limenelo, ngakhale acokere kutali cotani, alandiridwa ngati mbale wa pa mudzi.