Ntchito ya Pakati pa Ana: Kuchokera pa Mishoni Kufika ku Ndirande

 Komiti yokonza chikondwerero chathu inatipempha kuti tilembeko mbiri ya ntchito yosamala ana kuno ku Ndirande, kuti amayi achitsikana amene angovala kumene yunifolomu adziwe kuti ntchito imeneyi sinayambe ndi ife. Tinafunsa kwa amayi achikulire, tinawerenganso zimene zinalembedwa za Mishoni ya Blantyre, ndipo zimene tapeza ndi izi.

Mishoni inayamba pa 23 October, 1876. Amene anasankha malowo anali Bambo Henry Henderson a mpingo wa Church of Scotland, mothandizidwa ndi womasulira wawo Tom Bokwito. Bokwito ameneyu tisamuiwale, pakuti iye mwini anagwidwa ukapolo ali mwana, namasulidwa m'masiku a David Livingstone, ndipo pambuyo pake anakaphunzira ku Lovedale ku South Africa. Dziko linali la mfumu Kapeni. Pakati pa mapiri a Ndirande, Soche ndi Michiru panalibe tauni, koma midzi yapatalipatali, ina itabisala m'mapiri chifukwa choopa nkhondo ndi ogwira akapolo.

Ana oyamba a pa Mishoni anali othawa ukapolo, ana amasiye, ndi ana a mafumu a Makololo amene anatumizidwa kuchokera ku chigwa cha Shire kuti adzaphunzire. Koma zaka zoyambazo sizinali zokoma, ndipo sitibisa. Amishoni ena anadziyesa mafumu ndi oweruza milandu. Anthu ankakwapulidwa ndi zikoti, ndipo munthu wina anaomberedwa ndi mfuti ataweruzidwa pa mlandu wakupha. Mlendo wina, Andrew Chirnside, anaulula zimenezi m'chaka cha 1880, ndipo mpingo wa ku Scotland utafufuza unachotsa Abusa a Duff Macdonald ndi ena mu 1881. Sitikulemba izi pofuna kunyoza akufa ayi. Tikulemba chifukwa ifenso timagwira ana a eni, ndipo nkwabwino kudziwa kuti chikoti chinatsala pang'ono kutseketsa Mishoni isanathe zaka zisanu.

M'chaka chomwecho cha 1881 kunabwera Abusa a David Clement Scott, munthu amene ankakhulupirira anthu akuda. Tchalitchi cha St Michael and All Angels chimene timanyadira chija chinamangidwa kuyambira 1888 ndipo chinatsegulidwa pa 10 May, 1891. Njerwa zake anaumba ndi kuotcha ndi anthu a konkuno, amene anali asanamangepo nyumba yotero. Anyamata a pa Mishoni ankaphunzira kuwerenga, ukalipentala, ulimi ndi kusindikiza mabuku. Atsikana ankaphunzira kuwerenga, kusoka, kuchapa ndi kusita, ndipo mmodzi wa amene anawalera nthawi yaitali anali Miss Janet Beck.

Moyo wa amishoniwo unali wa maliro. Kumayambiriro kwa 1891 khanda la Bambo Henderson linadwala matenda a pakhosi otchedwa diphtheria. Dr John Bowie, amene anali mlongo wake wa mayi wa mwanayo, anaboola pakhosi naikapo kapaipi kuti mwana apume, ndipo kapaipiko katatsekeka iye anayamwa zoipazo ndi pakamwa pake, akudziwa bwino lomwe kuopsa kwake. Mwanayo anamwalira, amayi ake anamwalira, Dr Bowie nayenso anamwalira. Bambo Henderson ananyamuka ulendo wa kwawo koma anakafera ku Quelimane chaka chomwecho. Banja lonse linatha miyezi yochepa tchalitchi chisanatsegulidwe. Ife amene tinaikako ana m'manda timamvetsa nkhani imeneyi koposa mmene mabuku angaifotokozere.

Njira ya amishoni inali yotere: kutenga mwana kumudzi, kumulowetsa mu mpanda wa Mishoni, kumudyetsa, kumuveka ndi kumuphunzitsa mpaka akule. Njirayi inabala zipatso. Sukulu ya Henry Henderson Institute inatsegulidwa mu 1909, ndipo mu 1911 Abusa a Harry Kambwiri Matecheta ndi a Stephen Kundecha anadzozedwa kukhala abusa oyamba achikuda a Mishoni ya Blantyre. Koma mpanda umalowa ana owerengeka, ndipo kunja kwa mpandawo tauni inali kukula.

Kampani ya Mandala inali itayamba kale malonda mu 1878. Sitima ya pamtunda inafika ku Blantyre mu 1908, ndipo ku Limbe kunatsegulidwa ntchito za fodya. Boma la Atsamunda linkafuna msonkho wa nyumba, tsono amuna anayenera kupeza ndalama. Anabwera kudzakhala amtengatenga, akhukhi, alonda, ochapa zovala ndi omanga. Pakati pa tauni panali pa Azungu ndi Amwenye. Wantchito wakuda ankadzionera yekha pogona. Ambiri anamanga zisakasa ndi nyumba zadothi m'munsi mwa phiri la Ndirande, pakuti kuchokera pamenepo munthu amafika ku ntchito wapansi. Ayao, Amang'anja, Alomwe ndi Angoni anakhala moyandikana, pambuyo pake Asena, Atonga ndi Atumbuka. Panalibe amene anayeza misewu kapena kukonza za madzi ndi zimbudzi. Nyumba inkangomangidwa pamene papezeka malo.

Apa ndi pamene tiyenera kuima pang'ono, chifukwa vuto la mwana wa m'tauni linabadwira pamenepa. Kumudzi mwana sakhala wa munthu mmodzi. Ali ndi atsibweni ake amene ndi eni mbumba, ali ndi agogo ake kukuka, ali ndi azakhali, ndipo nyakwawa imadziwa kuti uyu ndi mwana wa uje. Mayi akamwalira, mwana amangosamukira pakhomo lina pa bwalo lomwelo, nadya nsima yomweyo. Ku Ndirande mbumba inatsala kumudzi. Woyandikana naye nyumba ndi wa mtundu wina, wabwera mwezi watha, achokanso mwezi wamawa lendi ikamukanika. Bambo akapita ku ntchito ndipo mayi akapita kumsika kukagulitsa masamba kapena makala, mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri ndiye amatsala atabereka mng'ono wake. Amayi ambiri ankaphika kachasu kuti apeze ya ufa. Mpingo sunavomereze kachasu ndipo ifenso sitivomereza, koma ana amene ankakulira pa mabwalo a mowawo sanalakwe kanthu.

Njala ya 1949 inaonetsa zonsezi poyera. Mvula inadula, chimanga chinauma m'minda, ndipo boma la Blantyre linali limodzi mwa maboma amene anavutika kwambiri. Amuna ambiri anachoka nati akukasaka chakudya, ena osabweranso. Amene ankaima pa mizere yolandira chakudya anali amayi, ana ndi okalamba. Kunalinso ulendo wa ku Joni ndi ku Halale, umene unameza azibambo ambiri nawasandutsa matchona. Boma linaimitsa kulemba anthu a ku migodi mu 1974, ndege yonyamula anthu athu itagwa ku Francistown ku Botswana, koma dzina la Wenela lidakalipo pa depoti ya mabasi.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 amishoni anapereka ulamuliro m'manja mwa Sinodi ya Blantyre, ndipo mu 1962 Abusa a Jonathan Sangaya anakhala Mlembi Wamkulu woyamba wachikuda. Amishoni anayamba kuchepa pamene ana a ku Ndirande anali kuchuluka. Panalibe mpanda umene ukanawalowetsa onse. Ntchito inayenera kutuluka pa Mishoni ndi kukwera chitunda wapansi, ndipo ambiri amene anainyamula anali amayi.

Amayi athu oyamba sanali ophunzira kwambiri. Ena ankangodziwa kuwerenga Buku Lopatulika ndi buku la nyimbo. Koma anali ndi chinthu chimodzi chimene mmishoni analibe: ankalowa m'nyumba. Pa maliro abambo amakhala panja pa moto, koma amayi a Mvano ndi amene amagona m'nyumba ya siwa, amasambitsa thupi la mayi mnzawo, amaphika ndi kutunga madzi. Choncho ndi iwo amene amayamba kuona kuti womwalirayu wasiya ana angati, wamng'ono ali ndi zaka zingati, m'nyumba muli ufa kapena mulibe, ndipo achibale amene abwera akukamba za ana kapena za katundu. Pa msonkhano wa Lachinayi nkhani imeneyi inkafika, ndipo wina ankabweretsa mbale ya ufa, wina mtolo wa nkhuni, wina sopo kapena kadiresi kamene mwana wake wakula nako. Zimenezi sizinalembedwe m'mabuku a mbiri, pakuti mbale ya ufa ilibe risiti.

Amayi omwewo ankasonkhanitsa ana a Sande Sukulu pansi pa mtengo, kuwaphunzitsa Pemphero la Ambuye ndi Malamulo Khumi, ndipo mwana amene wajomba milungu iwiri ankamulondola kwawo. Atsikana akatha msinkhu ankawalangiza mwachikhristu, m'malo mwa agogo amene anatsala kumudzi. Ena mwa ife tinapita ku Chigodi kukaphunzira za Baibulo, kusoka ndi kasamalidwe ka pakhomo, ndipo tinabwera kudzaphunzitsa anzathu. Anyamata ndi atsikana ena anagwidwa mtima ndi Brigade, ena ndi makwaya. Akulu ena ankadandaula kuti makwaya a achinyamata achuluka phokoso, koma ife tinkati mnyamata amene ali ku kwaya Loweruka madzulo tikudziwa kumene ali.

Fakitale ya nsalu ya David Whitehead ndi mafakitale ena a ku Makata anakoka anthu enanso ambiri, ndipo nyumba zinakwera mpaka m'phiri. Mwezi wa May 1992 sitalaka imene inayambira pa fakitale ya nsaluyo inasanduka chipolowe mu mzinda monse, ndipo anthu anafa. Koma chimene chinatigwetsa pansi kwenikweni ndi matenda a Edzi, amene anapezeka koyamba m'dziko muno mu 1985. M'zaka za m'ma 1990 yunifolomu yathu sinkauma: tikachoka ku manda tinkapeza uthenga wina ukutidikira. Matendawa ankatenga bambo ndi mayi, kusiya agogo ndi zidzukulu zisanu m'chipinda chimodzi cha lendi. Nthawi imeneyo ndi pamene ana ogona m'makhonde a masitolo ku Blantyre ndi ku Limbe anachuluka, ndipo anthu ankangowatchula kuti amasikini, ngati alibe maina. Mankhwala otalikitsa moyo anayamba kuperekedwa ulere mu 2004, koma anapeza makomo ambiri atatsekedwa kale.

Mu 1994 boma linachotsa fizi ku pulayimale, ndipo chiwerengero cha ana a sukulu chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Tinasangalala, koma tinaonanso kuti mwana wanjala samva za aphunzitsi. Kunabwera mabungwe othandiza. A Samaritan Trust anayamba mu 1993, a Chisomo Children's Club mu 1998, ndipo a Chisomo anaika mtima pa kubwezera mwana wa mumsewu kwa achibale ake ndi ku sukulu. Kenako a Mary's Meals, amenenso anachokera ku Scotland monga amishoni oyamba aja, anayamba kupereka phala kwa ana a sukulu kuno ku Blantyre. Timawathokoza onsewa. Komabe onetsetsani bwino amene amadzuka kusanache kukasonkha moto ndi kutakasa phalalo. Ndi amayi a m'makomo momwemuno, a mipingo yosiyanasiyana, osalandira malipiro. Mabungwe amathandiza ndi ufa ndi ndalama, koma amene amadziwa kuti kuseri kwa nyumba yakuti kuli mwana amene sanapite ku sukulu chiyambire January ndi mayi woyandikana naye.

Masiku ano mitengo ya m'phiri la Ndirande inatha, ndipo mvula ikagwa yamphamvu madzi amatsika ndi matope kulowa m'nyumba za m'mbali mwa Nasolo. Namondwe wa Freddy mu March 2023 anapha anthu ambiri ku Chilobwe ndi m'madera ena a mzinda uno, nasiyanso ana amasiye ena. Malamulo a dziko anakweza msinkhu wa ukwati kufika zaka 18 mu 2017, koma atsikana athu akutengabe mimba ali ku pulayimale, ndipo anyamata aang'ono akumwa mowa waukali wotchipa ndi kusuta chamba kumigula ndi m'malo oonetsera kanema. Chimene chimatidetsa nkhawa ife a komiti ndi chakuti amayi ambiri tsopano timakhala ku geni tsiku lonse, ndipo maulendo oyendera makomo achepa. Mawu akuti "abwera a bungwe" ayamba kumveka ngakhale pakati pathu, mawu amene amayi athu oyamba sankawadziwa.

Chifukwa chake komiti yagwirizana kuti mlaga uliwonse usankhe amayi awiri oyendera makomo, alembe ana amene sakupita ku sukulu ndi amene akukhala opanda wamkulu, kaya makolo awo ndi a mpingo wathu kapena ayi. Mainawo aperekedwe kwa mlembi mwachinsinsi pa msonkhano wa Lachinayi loyamba la mwezi wamawa. Amene muli ndi mayunifolomu a sukulu amene ana anu akula nawo, muwachape ndi kubwera nawo tsiku lomwelo.